Phewa la mayi lauma, la mlongo wanga likungoguluka: bwanji malangizo akusiyana?

Wa ku Mponela

Moni nonse. Pakhomo pathu pali anthu awiri odwala phewa, ndipo zomwe auzidwa kuchipatala zikundizunguza mutu. Mayi anga ali ndi zaka 56 ndipo amadwala shuga. Patha miyezi inayi phewa lakumanja likuwawawa, makamaka usiku, moti pano sangathe kudzitwika ndowa, kupesa tsitsi, ngakhale kufikitsa dzanja kumsana. Sanagwe, sanagundidwe ndi chilichonse. X-ray akuti ilibe vuto, ndiye auzidwa kuti azilitakasa tsiku ndi tsiku. Mlongo wanga ali ndi zaka 19, ndi goloboyi, ndipo phewa lake laguluka kawiri chaka chino. Iyeyo ndiye amuuza kuti mkono aukoleke pa nsalu asamaugwedeze. Phewa ndi limodzimodzi, nanga bwanji wina akuti atakase, wina akuti asakhudze? M'kati mwa phewamu muli chiyani kwenikweni, ndipo chaonongeka ndi chiyani mwa aliyense? Odziwa ndithandizeni chonde.

Wazamafupa

Achemwali, onse awiri auzidwa zoona. Phewa la mayi lathina, la mlongo wanu lakhwepa. Kuti zimveke bwino, gwirani phewa lanu pamene mukuwerenga.

Mafupa ake ndi atatu. Pansi pa khosi mupeza fupa lopingasa lochoka pachifuwa kukafika kunsonga ya phewa, dzina lake clavicle. Kumsana kuli fupa lophwatalala la ngodya zitatu, lija limaoneka likukwera ndi kutsika munthu akamasinja, ndiye scapula. Lachitatu ndi fupa la mkono wakumtunda, humerus, lomwe mutu wake ndi wobulungira. Chodabwitsa n'chakuti mkono wonsewu walumikizidwa ku mafupa a thupi pa malo amodzi okha, pomwe clavicle yakumana ndi fupa la pachifuwa. Scapula siinakhomeredwe ku fupa lililonse la kumsana, imangoyandama pa nthiti itagwiridwa ndi minofu.

Mutu wa humerus umakhala pa kambale kosaya ka pa scapula kotchedwa glenoid. Fupa la ntchafu linalowa m'chiuno ngati musi mu mtondo, n'chifukwa chake siligulukaguluka. Phewa ayi, lili ngati lalanje lomwe mwaliika pa sosa. Kambaleko kamangokhudza gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mutuwo. Ubwino wake, mkono umafika paliponse. Mukaukweza mpaka kuloza kumwamba, omwe ndi madigiri 180, pafupifupi 120 amachokera pa mutu ndi kambale, ndipo 60 otsalawo ndi scapula yomwe imazungulira pa nthiti. Kuipa kwake, palibe malo ena olumikizirana mafupa akuluakulu omwe amaguluka kawirikawiri kuposa phewa.

Ndiye chimaligwira n'chiyani? Vuto la Chichewa chathu n'lakuti mawu akuti mtsempha timatchulira zinthu zambiri, wa magazi, wonyamula mauthenga a ubongo, komanso womanga mnofu ku fupa, choncho ndizitchula chilichonse padera. Poyamba pali mkombero wa chicherewecherewe wozungulira m'mphepete mwa kambale, wotchedwa labrum, womwe umakuzako kuya kwa kambaleko. Kenako pali thumba lolimba lokuta malo onsewo, lotchedwa capsule, ndipo mbali yake yakutsogolo ili ndi zingwe zokhuthala zomanga fupa ku fupa. Pamwamba pa thumbalo pali minofu inayi yochoka pa scapula kukagwira mutu wa humerus, yomwe pamodzi amaitcha rotator cuff: supraspinatus pamwamba, infraspinatus ndi teres minor kumbuyo, subscapularis kutsogolo. Ntchito yake yaikulu ndi kukanikizira mutuwo pakati pa kambale pamene mnofu waukulu wakunja, deltoid, uja amabayapo katemera, ukukweza mkono. Pamwamba pa zonsezi pali denga la fupa lotchedwa acromion, ndipo pakati pa dengalo ndi supraspinatus pali kathumba ka madzi kochepetsa kukhulana.

Tibwere kwa goloboyi. Akamadumphira mpira mkono umakhala m'mwamba, watambasukira kumbali, chikhatho chikuyang'ana kutsogolo. Mpira wamphamvu kapena mnzake akakankhira dzanjalo kumbuyo, mutu wa humerus umatumphukira kutsogolo ndi pansi. Pa mapewa 100 oguluka, pafupifupi 95 amagulukira kutsogolo chonchi. Potuluka umang'amba labrum kuichotsa pa fupa, bala lomwe limadziwika ndi dzina la Arthur Bankart, dokotala wa ku London yemwe analifotokoza mu 1923. Nthawi yomweyo kumbuyo kwa mutuwo kumaphwanyika pang'ono pogundana ndi m'mphepete mwa kambale, n'kusiya kadzenje kotchedwa Hill-Sachs. Akalibwezera, fupa limalowa bwinobwino, koma labrum nthawi zambiri siimera pamalo pake. Mpanda wakutsogolo wagwa, ndiye ulendo wachiwiri silifunanso mphamvu yambiri. Mwa anyamata osakwana zaka 25 omwe amasewera masewera ogundana, ambiri limawagulukanso.

Nsalu ija ndi yopumitsa zomwe zang'ambika, kwa sabata imodzi mpaka zitatu basi. Kukhala nayo miyezi sikuletsa phewa kugulukanso, kumangofooketsa minofu. Popeza lachitika kawiri, ine ndingalangize kuti akaonane ndi a mafupa pa nkhani ya opaleshoni, asadikire kachisanu. Nthawi iliyonse likaguluka lingabenthule fupa la m'mphepete mwa glenoid. Fupa likadali lokwanira amangosokerera labrum pamalo pake. Likatha kwambiri pamafunika opaleshoni yaikulu ya Latarjet, yomwe Michel Latarjet wa ku Lyon anaifotokoza mu 1954: amadula kafupa ka kutsogolo kwa scapula kotchedwa coracoid n'kukakhomera ndi masikuluwu pomwe pabenthukapo.

Likagulukira pabwalo, anzake asamukoke. Kale anthu ankaponda m'khwapa ndi phazi n'kukoka mkono, koma njira imeneyi ingathyole fupa kapena kuvulaza mtsempha wonyamula mauthenga a ubongo wotchedwa axillary, womwe umazungulira khosi la humerus. Komanso simungadziwe ndi maso ngati pali fupa lothyoka. Mkono augwirizize mmene uliri, mukhudze khungu la pa deltoid kuti muone ngati pachita dzanzi, muone ngati zala zikugwedezeka ndipo sizinazizire, asadye kanthu chifukwa angafunike mankhwala ogonetsa, n'kuthamangira kuchipatala. Kuchedwa kumapangitsa minofu kukungika, ndipo kubwezera kumavuta.

Wamafizo

Abambo Wazamafupa afotokoza bwino za mnyamatayo. Ine ndilankhule za mayi.

Zomwe mwanenazi, zaka zapakati pa 40 ndi 60, shuga, kuyamba popanda ngozi, kuwawa usiku, X-ray yabwinobwino, zikuloza ku matenda omwe madokotala amati frozen shoulder, ife tinene kuti phewa louma. Thumba lija la capsule limatupa, kenako limakhuthala n'kufupika ngati chikopa choumira padzuwa. X-ray imaona mafupa, thumba siiliona, n'chifukwa chake akuti mulibe kanthu.

Koma mutsimikize ndi kuyesa uku, kumatenga mphindi ziwiri. Mayi akhale pampando, chigongono chili chomata m'nthiti, mkono wopindika ngati akulandira mbale. Auleke lende, inu mugwire chigongono ndi dzanja limodzi, ndipo ndi linalo mutembenuzire dzanja lawo kunja ngati mukutsegula chitseko. Yambani ndi mkono wabwinowo kuti muone pomwe umafika. Ngati wodwalawo ukuima msanga, molimba ngati chitseko chagunda mwala, ngakhale ndinu amene mukuutembenuza, ndiye kuti thumba lathina. Chizindikiro chachikulu ndi chimenechi: phewa louma silitheka kwa mwini wake, silithekanso kwa womuthandiza.

Zikakhala kuti inu mukutha kuwakwezera mkono mpaka m'mwamba, koma iwo paokha akulephera, kapena mukausiya ukugwa, nkhani yake ndi ina. Pamenepo taganizirani za kung'ambika kwa rotator cuff, kawirikawiri supraspinatus. Ndipo ngati akukweza okha koma ululu ukubwera chapakati, kuyambira madigiri 60 mpaka 120, n'kuchepa mkono ukafika pamwamba, ndiye kuti supraspinatus kapena kathumba ka madzi kaja zatupa pansi pa denga la acromion. Izi zimachuluka mwa anthu ogwira ntchito manja ali m'mwamba, opaka penti kudenga, opanga pulasitala, okweza matumba pa lole. Ululu wobwera kumapeto penipeni, pamwamba pa phewa pomwe mungaloze ndi chala chimodzi, umachokera pomwe clavicle yakumana ndi acromion.

Phewa louma limayenda m'magawo atatu. Loyamba ndi la ululu, miyezi iwiri mpaka isanu ndi inayi, usiku osagona. Lachiwiri ululu umachepa koma kuuma kumafika pachimake, miyezi inayi mpaka chaka. Lachitatu limamasuka pang'onopang'ono. Zonse pamodzi zimatenga chaka chimodzi mpaka zitatu, ndipo kwa odwala shuga limakonda kuchedwa, nthawi zina n'kudzagwiranso phewa linalo. Mayi muwauze zoona za nthawiyi, chifukwa munthu akamayembekeza kuchira pa mwezi umodzi amataya mtima n'kusiya mafizo.

Pa mawu akuti azilitakasa ndikufuna kuwonjezerapo, chifukwa ambiri amamva ngati akuti alikakamize. Pa miyezi inayi mayi akadali m'gawo la ululu, ndipo kulikoka mwankhanza kumawonjezera kutupa. Lamulo lake ndi ili: kumva kukoka n'kololedwa, koma ululu ukapitirira ola limodzi atamaliza, kapena usiku wake ukakhala woipa kuposa dzulo, mwapyola muyeso, mawa muchepetse.

Ayambe ndi kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda mphindi 10 mpaka 15. Akatero awerame atatsamira tebulo ndi dzanja labwinolo, mkono wodwalawo ulendewere, ndipo agwedeze thupi kuti mkonowo uziyenda wokha, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako mozungulira, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Chachiwiri agone chagada, agwire dzanja lodwalalo ndi labwinolo, alikweze kulowera kumutu mpaka pomwe ayamba kumva kukoka, aime pamenepo masekondi 15 mpaka 20, abwereze kasanu. Chagada n'kwabwino chifukwa scapula imakanikizidwa pa mphasa, siibera pokweza phewa lonse. Chachitatu, ndipo chofunika kwambiri, ali chigonere atenge mthiko kapena kamtengo, chigongono chili m'nthiti, dzanja labwinolo likankhire lodwalalo kunja, mofanana ndi kuyesa kuja. Ululu ukayamba kuchepa awonjezere kuyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba, ndipo muzilemba ndi khala pomwe afika sabata iliyonse. Kufikitsa dzanja kumsana kumabwerera pomaliza, ndiye musayezere pamenepo. Azichita kawiri kapena katatu pa tsiku, pang'onopang'ono, osati kamodzi mwamphamvu.

Pogona agonere mbali yabwinoyo atakumbatira pilo, kapena chagada ataika kansalu kopinda pansi pa chigongono. Nsalu yokolekera mkono ija asavale mayi, phewa liuma nayo kwambiri.

Wa ku Mponela

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndawayesa madzulo ano, dzanja lakumanja likungotembenuka pang'ono n'kuima, pomwe lamanzere likupita kutali. Mafunso ena: azakhali akuti awateme mphini paphewapo, ena akuti kuli jakisoni wobaya m'phewa momwemo. Mayi akumwa Brufen ndi Indocid pamodzi tsiku lililonse, zili bwino? Mlongo wanga naye akuti ululu watha, akufuna kubwerera pagolo Loweruka likubwerali.

Namwino wa ku wodi ya amayi

Achemwali, choyamba Brufen ndi Indocid asiye kumwera pamodzi lero lomwe. Ndi mankhwala a banja limodzi, pamodzi ndi diclofenac, ndipo kuwaphatikiza sikuwonjezera mphamvu yothetsa ululu, kumangowonjezera ngozi ya zilonda za m'mimba ndi kuonongeka kwa impso. Munthu wa shuga impso zake zimakhala kale pa chiopsezo, makamaka ngati alinso ndi BP. Poyambira pabwino ndi Panado, mapilitsi awiri a 500 mg nthawi imodzi, osapitirira kanayi pa tsiku, kutanthauza mapilitsi 8 pa maola 24. Brufen akafunika akhale 400 mg atadya, kwa masiku owerengeka, ndipo adokotala a ku kiliniki ya shuga adziwe. Akaona chimbudzi chakuda ngati phula kapena kutentha pamtima kosalekeza, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Jakisoni alipodi, ndi wa steroid, ndipo amathandiza kwambiri m'gawo la ululu lomwe mayi alimo. Sachiza kuumako, koma amachepetsa kutupa kwa masabata angapo, munthu n'kumagona tulo ndi kutha kuchita mafizo. Kwa wa shuga, amakweza shuga m'magazi kwa masiku angapo, choncho amafunika kuti shuga akhale wotsika bwino asanabayidwe, ndipo aziyezedwa pafupipafupi sabata imeneyo. Abayidwe kuchipatala ndi munthu wodziwa, osati kunyumba. Tizilombo tikalowa m'kati mwa phewa timawononga chicherewecherewe m'masiku ochepa.

Za mphini, azakhali muwayankhe mwaulemu koma mukane. Vuto lili m'thumba, pansi pa khungu, mafuta ndi minofu iwiri, lumo silifikako. Chomwe chingatsale ndi zilonda pa thupi la munthu wa shuga, zomwe zimachedwa kupola. Pothowa napo madzi muziyamba mwawayesa inuyo ndi chigongono chanu, chifukwa ena a shuga samva kutentha bwino ndipo amapsa osadziwa.

Ndiwonjezere chinthu china kwa onse owerenga, chifukwa si ululu wonse wa paphewa umachokera paphewa. Mtsempha wopita ku mnofu wopumira, uja umalekanitsa chifuwa ndi mimba, umachokera m'khosi pamalo amodzi ndi mitsempha ya khungu la paphewa, ndiye ubongo umasokoneza. Mayi yemwe wadumphitsa kusamba, akumva m'mimba kupweteka, chizungulire, ndi ululu kunsonga ya phewa, angakhale ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero yomwe yaphulika, ndipo magazi akutayikira m'mimba. Munthu wagwa pa njinga n'kugunda nthiti zakumanzere, kenako phewa lamanzere n'kumawawa chonsecho mkono ukuyenda bwino, kapamba angakhale wang'ambika. Ululu wa paphewa kapena mkono wamanzere wobwera ndi kulemera pachifuwa, thukuta ndi befu ndi wa mtima. Ndulu imatumiza ululu kuphewa lakumanja. Phewa lotupa, lotentha, munthu akutentha thupi, ndi mafinya mpaka zitatsimikizika kuti si choncho. Ndipo phewa lowawa miyezi, munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, akayezetse TB, chifukwa imagwiranso mafupa. Chizindikiro chothandiza: ngati kugwedeza mkono sikusintha ululu ngakhale pang'ono, gwero lake lifunidwe kwina.

Wakabaza wa pa Area 25

Pepani kulowerera akuluakulu. Anzathu ambiri akagwa pa njinga yamoto amatsala ndi chotupa cholimba pamwamba pa phewa. Kumeneko ndi kuguluka komweku kapena ndi zina?

Wazamafupa

Achimwene a kabaza, kawirikawiri zimakhala zina, ndipo zilipo ziwiri. Chotupa chikakhala pakati pa clavicle, fupalo lathyoka. Ambiri amathyoka chapakati pomwepo chifukwa mpomwe fupalo ndi lopyapyala ndipo lapindika. Chikhakha sichiikidwa pamenepo. Mkono umakolekedwa pa nsalu, zala ndi chigongono n'kumazigwedeza tsiku lililonse kuti zisaume. Mwana amalumikizika pa masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, wamkulu masabata 6 mpaka 12, ndipo wosuta fodya amachedwa. Kachotupa kotsalako ndi fupa latsopano, mwa ana kamasalala pakapita nthawi. Opaleshoni imafunika fupa likaboola khungu kapena likalikankha mpaka kuyera, zidutswa zikapitirirana kwambiri, kapena dzanja likachita dzanzi ndi kuzizira. Chotupa chikakhala kunsonga penipeni, ngati kasitepe, ndiye kuti zingwe zomanga clavicle ku scapula zaduka chifukwa chogwera phewa mkono uli m'nthiti. Zing'onozing'ono zimapola ndi nsalu ndi mafizo, ngakhale kasitepeko kamatsala. Masiku awiri kapena atatu oyamba muziikapo ayisi wokulunga m'nsalu mphindi 15, kuthowa ndi madzi otentha kudikire. Kubwerera pa chiwongolero fupa lisanagwirane ndiko kumalipindika.

Achemwali a ku Mponela, Loweruka lino ayi. Kutha kwa ululu sikutanthauza kuti phewa lagwira. Muyeseni chonchi, koma mofatsa: agone chagada m'mphepete mwa bedi, mkono utambasukire kumbali molingana ndi phewa, chigongono chopindika, ndipo pang'onopang'ono mutsitsire dzanja lake kumbuyo ngati akufuna kuponya mwala. Muziyang'ana nkhope yake. Akakwinya, akagwira dzanja lanu, kapena akanena kuti likufuna kutuluka, lekani pomwepo, phewalo silinakonzeke. Kuti abwerere pagolo pafunika zinthu zitatu: mkono uzifika paliponse ngati unzakewo, mphamvu zifanane mbali zonse, ndipo mantha amenewa asakhalepo.

Pakadali pano alimbitse rotator cuff. Masabata oyamba azikankha khoma ndi kumbuyo kwa dzanja, kenako ndi chikhatho, chigongono chili m'nthiti, mkono osayenda, masekondi asanu kakhumi. Zikamatheka popanda ululu, adule chubu chakale cha njinga, achimange pa chitseko molingana ndi chiuno, aike kathaulo kopinda m'khwapa, azikokera kunja ka 10 mpaka 15, maulendo atatu, kenako atembenuke azikokera m'kati. Kathauloko kakagwa ndiye kuti akubera ndi deltoid. Awonjezere kukokera zigongono kumbuyo akufinya mafupa a scapula pamodzi. Izi zimafuna masabata 12 osadumphitsa. Koma ndinene mosabisa, minofu siisoka labrum yong'ambika, ndipo kwa goloboyi wa zaka 19 yemwe laguluka kawiri, mafizo okha nthawi zambiri sakwanira. Akachitidwa opaleshoni, kubwerera pagolo ndi pakatha miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi.

Zinthu ziwiri zomwe zimaphonyedwa kawirikawiri. Munthu wopitirira zaka 40 phewa likaguluka, mwa iye chomwe chimakonda kung'ambika ndi rotator cuff, choncho akakhala kuti pakatha masabata awiri kapena atatu akulepherabe kukweza mkono, abwerere akaunikidwe ndi sikani, chifukwa mnofu wong'ambika ukachedwa umafupika n'kuvuta kusoka. Chinanso, wodwala khunyu akagwa n'kudzuka phewa likuwawa, dzanja lili lomata pamimba ndipo silikutembenukira kunja, phewalo lingakhale lagulukira kumbuyo. Pa X-ray yojambula chakutsogolo kokha limaoneka ngati lili m'malo, ndipo ena amathera miyezi akuuzidwa kuti ndi phewa louma. Pemphani kuti ajambulenso chachiwiri, cha m'mbali kapena cha m'khwapa, ndipo munene kuti munthuyo anagwa khunyu.

Kwa mlongo wanu, yambirani kwa clinical officer wa mafupa pa chipatala cha boma, iye ndi amene angalembe kalata yomutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli madokotala a opaleshoni ya mafupa. Atenge buku lake la kuchipatala ndi ma X-ray onse awiri, la ulendo woyamba ndi la wachiwiri, chifukwa poyerekeza awiriwo mpomwe amayambira kuona kuchuluka kwa fupa lomwe labenthuka.